Ndatola ku Chiweta

Kiyibodi yanga ndinaigula kwa dalaivala wina amene thiraki inamufera pa Chiweta. Anali atagona pamenepo masiku anayi kudikira sipeya, njala itamukwana, ndipo mtengo umene ananditchulira unali wongotola. Mano ake anali oyera mbee, kupatula limodzi la kumanzere limene linali lothyoka. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuinyamula pamiyendo mu minibasi mpaka pa boma la Rumphi, pamene ndinkaphunzitsa sitandade sikisi.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka ziwiri ku Rumphi, ndipo Chitumbuka changa chinali chogulira tomato: yewo, yewo chomene, ni zilinga. Koma ndinkadzimva ukatswiri.

Gulu lathu loimba linali la anthu atatu. Panali mnzanga wokonza mafoni pafupi ndi depoti, amene ankaumba ng'oma pa laputopu. Iyeyu anatenga kagundidwe ka ng'oma ya malipenga n'kukathamangitsa mpaka kumveka ngati mtima wa munthu amene galu wamuthamangitsa. Panali mayi wina wa ku Chiweta woyanika usipa, wa ana atatu, wa mawu odutsa phiri ndiponso mpata pakati pa mano akutsogolo. Wachitatu ndinali ine ndi kiyibodi ija, imene inkatha kulira ngati mluzu, kapena ngati madzi akudonthera m'ndowa. Gitala tinalibe, manijala tinalibe, kampani yotijambula sitinkailota n'komwe. Tinkajambulira kuseri kwa shopu ya mafoni titatseka zenera ndi matiresi, ndipo njinga yamoto ikadutsa tinkayambiranso.

Chifukwa cha chimwemwe cha chinthu changa chatsopano, ndinachipekera nyimbo. Ndinkaimba kuti:

Ndatola, ndatola ku Chiweta,
wa mano oyera, limodzi lothyoka,
ndikamukhudza amaimba.

Mayi wa usipa uja ankayankha m'malo mwa kiyibodi kuti, wanditola, wanditola. Pojambula, iye ndi wamafoni ankangotsinana, kuseka kukuwathawira m'mphuno. Nditafunsa, anati nyimbo ndiyo yakoma, ndisasinthe liwu ngakhale limodzi. Anzanga enieni amenewo.

Tsopano ndinene chimene chinali pamoto. Ndinali pa chibwenzi ndi namwino wina, mwana wa ahedi opuma pantchito a ku Njakwa, amenenso anali mkulu wa mpingo. Thenga wanga, munthu wondiyendera za ukwati monga amachitira kuno, anali atapitako kawiri, ndipo nkhani inali itayamba kufewa. Adadawo, bambo ake a namwinoyo, sankakondwa kwenikweni ndi Mchewa. Chimene chinawakhazika mtima pansi n'chakuti anamva kuti ndimaimba kiyibodi. Iwo anaganiza za kwaya, ndipo ine sindinaone chifukwa chosokonezera maganizo abwino a munthu wamkulu.

Nyimbo ija inayenda kuposa mmene tinkayembekezera. Inadumpha kuchoka foni iyi kupita foni iyo, inalowa m'maminibasi, inafika m'mabawo a mowa ndi m'masaluni. Ana a sukulu ankaivina popita kukatunga madzi a mopu. Akabaza ankandikuwira kuti, "Asambizgi, mwachita makora!" kutanthauza kuti aphunzitsi mwachita bwino. Ahedi a pasukulu pathu anandigwira chanza ndi manja awiri n'kudandaula kuti bwanji sindinawaitane. Ndinawalonjeza kuti ulendo wina ndidzawaitana, pakuti tinali ndi maganizo ochitanso zina ziwiri chaka chisanathe. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Lachitatu lina pa bureki ndinangoona thenga wanga ataima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja. Sanandipatse n'komwe moni wokwanira. Anandifunsa ngati ndikudziwa tanthauzo la kutola pa Chitumbuka. Ndinati kutola n'kutola basi, monga mmene munthu amatolera ndalama pamsewu. Anapukusa mutu n'kundiuza kuti kuno mwamuna akati watola, ndiye kuti wakwatira.

Choko chimene chinali m'manja mwanga chinathyoka chokha. Thenga anapitiriza mosandimvera chisoni. Adada anaimva nyimboyo mu minibasi kuchokera pa Njakwa mpaka pa boma, katatu, chifukwa dalaivala ankaibwezera. Amayi amene anakhala kumbuyo kwawo anamuzindikira mkwatibwi: ndi uja wa usipa, wa dzino lija. Wina anawonjeza kuti ana atatuwo mphunzitsi wavomera kulera. Uthenga wa adada unali waufupi: Loweruka ndipite naye mkaziyo akamuone.

Ndinaimbira foni namwino wanga kasanu, osayankha. Madzulo ananditumizira mawu awiri okha: mubwere naye. Pamenepo nthabwala inandithera. Ndinachita mantha enieni, chifukwa mkazi ameneyu ndinkamukonda, ndipo ndinaona kuti ndimutaya chifukwa cha liwu limodzi limene mwana wa sitandade wani aliyense pasukulu pathu ankalidziwa.

Loweruka ndinagula mabatire atsopano, ndinamukulunga mkwatibwi m'chitenje, n'kukwera naye minibasi. Pakhonde ndinapeza adada, amama, ankhazi awiri, ndiwo alongo a adadawo, ndi thenga wanga atakhala kumbali ngati si iye anandibweretsa m'banjamo. Namwino wanga anakhala pamphasa cha pakhomo, akusankha nyemba.

"Wali nkhu?" anafunsa adada, kutanthauza kuti ali kuti.

Ndinagwada, ndinaika katundu wanga pamphasa n'kumasula chitenje. "Ndi ameneyu, adada."

Ankhazi aakulu anasendera pafupi, nayendetsa chala pa mano aja limodzi limodzi mpaka anafika pa lothyoka. Anaseka mpaka kutsokomola, wina n'kuwathamangira ndi madzi. Adada sanaseke. Uhedi sutha ndi penshoni, choncho ndinalandira phunziro lathunthu: zaka ziwiri ndikudya nyemba za kuno, kumwa madzi a kuno, kufuna mwana wa kuno, koma chilankhulo ndikuchidutsa ngati chithaphwi. Ndinavomera zonse, maso ali pansi.

Atatha anati chinthucho chilire tichimve. Ine mwanzeru zanga ndinayamba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi. Anakweza dzanja. Anati si imeneyo, ija ya mu minibasi. Ndinadina batani la ng'oma zimene wamafoni anandiikiramo, malipenga ake aja n'kugunda pakhonde la mkulu wa mpingo dzuwa lili pamutu. Phewa la amama linayamba kuyenda lokha. Ankhazi aang'ono anaimirira ngati akukatenga kanthu m'nyumba, koma sanafike pakhomo. Adada anakhala chowongoka, nkhope ili gwa, chala chachikulu cha kuphazi chikugwira ntchito mu silipasi. Pomaliza anagamula kuti nyimboyo ilibe mlandu, ndingochotsa Chiweta n'kuikapo Njakwa, ndipo tsiku la ukwati idzakhala yoona.

Onse anaseka kupatula mwini nkhani, namwino wanga. Anandiperekeza kumsewu, ine ndili ndi kiyibodi paphewa, ndikuyenda ngati munthu wopambana mlandu. Titayandikira mlatho wa pa Njakwa anaima.

"Unamwino ndinaphunzira ku Lilongwe," anatero. "Chichewa ndimachimva kuposa inu. Ndinadziwa tsiku loyamba kuti ndi kiyibodi."

Ndinamufunsa chifukwa chimene anandisiyira ndikuwonda masiku atatu.

"Chinthu cha dzino lothyoka mwachipekera nyimbo sabata yomwe mwachiona. Ine chaka ndi theka, palibe ngakhale mzere umodzi. Ndiye lero mukufuna mundiveke ya kaunjika, mungosintha dzina la malo?"

Manyazi amene ndinachita pamenepo anaposa a pakhonde paja.

Nyimbo yake inanditengera miyezi iwiri. Inatuluka yoyenda pang'onopang'ono, theka Chichewa, theka Chitumbuka chimene ana a m'kalasi langa anandikonzera uku akundiseka. Wamafoni anayesa kuikamo ng'oma, inakana. Mayi wa usipa anandiuza mosabisa kuti imeneyi palibe adzaivine, ndipo ananena zoona, palibe minibasi imene inaiimbapo mpaka lero. Ndinakamuikira mwini wake kuti aimve pa benchi kuseri kwa chipatala, nthawi ya nkhomaliro. Anamvetsera akuyang'ana nsapato zake zoyera mpaka inatha. Kenako anandiuza kuti mawu awiri a Chitumbuka ndawalakwitsabe.

"Ibwezereni," anatero.