Tsiku limene ndinawatseka pakamwa a Zuze mu sinema

Lachitatu lapitali ndinali pa Zobue, m'chapa, minibasi yopita ku Moatize, kudikira kuti idzaze. Nkhani ya chapa mukuidziwa. Woitanira amalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi basi, pamene munthu mmodziyo sanasambe n'komwe kwawo.

Pampando wa kutsogolo kwanga panali mayi wina wageni, dengu la matimati pamiyendo, timawaya m'makutu, akuonera kanema pafoni. Pambali pake panakhala mdala wovala chipewa chothothoka, atagwirizira mpini watsopano wa khasu. Mdalayo anasuzumira pafoni paja. Mawu sankawamva, poti onse ankathera m'makutu mwa mwini foni. Ndiye anayamba kuwapatsa akeake anthu a m'kanemamo, chonong'ona.

Mzungu wa suti ankaloza mnzake chala. Mdala uja amvekere: "Iwe, nkhuku yanga wadya ndani?" Winayo anatambasula manja. Mdala anasintha mawu, kukhala aang'ono, omvetsa chisoni: "Achimwene, ine ndinangolawa msuzi."

Ndinaphulika nako kuseka. Kenako ndinasiya kuseka, chifukwa mawuwo ndinawazindikira. Anali a Zuze.

Amene munakhalako ku Moatize masiku aja aliyense ankathamangira ntchito ya malasha mukuwakumbuka. Amene simunakhaleko, ndikufotokozereni.

Kuseri kwa msika kunali sinema ya a Selemani, Msilamu wina amene analinso ndi sitolo ya nsalu. Dzina loti sinema lisakunyengeni. Makoma malata, denga malata, mabenchi a matabwa osapala, bulangete pakhomo lotchingira kuwala, ndi kanema wamkulu atamusanjika pamigolo iwiri. Masana thukuta la mnzako linkakhala lakonso. Fumbi la magalimoto a ku mgodi wa Chipanga linkalowera m'mipata ya malata, moti potuluka onse tinkafanana nkhope. Jenereta ikazima ndewu ili pakati, nyumba yonse inkakuwa, a Selemani n'kuthamangira kuseri kukakoka chingwe uku akuitchula mayina amene Lachisanu sankawatchula.

Koma sitinkapitira kanemayo. Tinkapitira a Zuze.

Mafilimu ankabwera m'zilankhulo za eni ake, Chingerezi, Chitchaina, Chimwenye. A Zuze ankaima pambali pa kanema, ndodo ya nsungwi m'manja, n'kumatiuza zimene anthuwo akunena. Kapena ndinene kuti ankatiuza zimene anthuwo akananena akanakhala ndi nzeru. Chingerezi sankachidziwa, ndipo Chipwitikizi chawo chinali chongogulira mchere. M'mawa ankaonera filimuyo okha, kamodzi, n'kuipekera nkhani yake. Pofika masana, msilikali wa kutsidya la nyanja anali atasanduka dalaivala wa pa Zobue amene mkazi wake wathawa ndi wogulitsa kaunjika. Mtchaina wouluka pamwamba pa mitengo ankakhala akuthawa apongozi. Munthu woipa ankamuyankhulitsa Chinyungwe chakuya, anthu a kumtsinje, eni chilankhulocho, n'kumadandaula kuti bwanji mfiti zonse zimakhala zakwathu. Mawa lake ankamupatsa Chinyanja cha kumtunda kuti mlandu uthe.

Filimu imodzi tinkatha kuionera katatu, chifukwa nkhani yake inkasintha potengera zimene zachitika m'tauni sabata imeneyo. Ukamenyana ndi mkazi wako Lolemba, Loweruka unkakazimva m'kamwa mwa Mmwenye wovina pamvula. Chiyambire sindinasekeponso ngati mmene ndinkasekera m'nyumba ya malata ija.

Nanga ine ndinali ndani nthawi imeneyo? Kalaliki pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu wa kumgodi. Ndinali ndi nsapato zachitsulo kutsogolo, kakhadi ka dzina langa kolendewera pachifuwa, ndi Chingerezi cha miyezi ingapo chimene anatiphunzitsa kuti tizimva mabwana akamakalipa. Kakhadiko sindinkakavula ngakhale Lamlungu. Ndinkalowa nako m'tchalitchi.

Lamlungu lina masana ndinapita ku sinemako ndi Filomena, mtsikana amene ndinali nditamufunsira koma iye asanandiyankhe. Munali mutadzaza. Masiku amenewo mabanja ambiri a kufupi ndi mgodi anali atauzidwa kuti asamukira ku Mualadze. Katundu anali atamanga kale, akungodikira magalimoto, ndipo ena ankabwera ku sinema kudzaiwalako.

Filimu ya tsikulo inali ya Chingerezi. Chapakati, mwamuna wina anafika pamalo pamene panali nyumba yake, n'kupeza phulusa lokhalokha. Anagwada, anatapa dothi, n'kuyamba kuyankhula yekha.

A Zuze anatsitsa ndodo. Mawu nawo anatsika. "Inu amene mwagona pano," anatero, "ine ndikupita. Sikuti ndakukanani ayi. Andiuza kuti ndichoke, ndipo mphamvu zokanira ndilibe. Dothi ili ndatapa kuti kumene ndikupitako mukandizindikire. Mvula ikamagwa kuno, muzidziwa kuti ndakukumbukani."

Kumabenchi akumbuyo ndinamva anthu akusisima. Nditayang'ana Filomena, ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Ndipo apa, abale anga, mpamene kanandilowa kachiwanda kaja kamene kamagwira anthu ophunzira pang'ono. Zinandiwawa kuti mtsikana amene ine ndalephera kumugwedeza mtima miyezi itatu, mdala wosatha n'kulemba dzina lake wamuliza ndi nkhani yopeka.

Ndinaimirira. "Bodza limenelo, madala! Munthuyo sakunena za akufa. Akuti golide wake anamukwirira pompo, ndipo amene wamuba amupha."

Zinali zoona. N'zimene mzunguyo ankanenadi.

Wina anaseka kumbuyo, mnzake n'kutsatira. Anthu amene angolira kumene pagulu amachita manyazi msanga, ndipo aja anathawira m'kuseka. A Zuze anandiyang'ana kumaso, anayang'ana kakhadi kanga, n'kunditambasulira ndodo ija. "Bwerani, shefi, bwana wathu, mutithandize."

Ndinapita kutsogolo mapewa ali m'mwamba. Ndinamasulira liwu ndi liwu, osaphonya. "Akuti tiyeni." "Akuti dikira." "Akuti galimoto ili kuti." Mmene filimu inkatha, theka la mabenchi linali lopanda anthu. Filomena ndinamupeza panja, ndipo anangondifunsa kuti, "Wakondwa tsopano?" Anakwatiwa ndi wina, ndipo anachita bwino.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pa manyazi angawo. Koma mawu amene ndinaponya aja anawatola ena. Kuyambira tsiku limenelo a Zuze akangoti atsegule pakamwa, wina ankakuwa, "Bodza, madala!" nyumba yonse n'kufa nako kuseka. Poyamba anali masewera. Koma munthu ungapeke bwanji nkhani anthu akudikira pokugwirira? Anayamba kuchita chibwibwi, kenako kufupikitsa mawu, kenako kumangoima duu, ndodo ili lende. Mvula isanagwe anasiya. A Selemani anayamba kuitanitsa madisiki a ku Malawi omasulira kale, ndipo patapita zaka mafoni anameza zonse. Pamalo paja lero amamatapo matayala.

Ine sindinawafunefune a Zuze. Ndinkadziuza kuti ndinangonena chilungamo, ndipo ndinkagona tulo tabwino.

Kodi si mmene tilili ife amene tinalawako sukulu? Malasha anatipatsa zipewa zolimba ndi timawu tachilendo, n'kuyamba kuyenda m'tauni tikusaka wolakwitsa. Mkulu akuyankhula pamaliro, waphonya chaka chimene malemu anabadwa, ife tayamba kale kutsokomola kuti ationepo. Mayi akufotokoza matenda a mwana wake m'mawu amene iye akuwadziwa, ife timvekere, "Sikutero, amati chakuti." Amalume akusimba mmene anathawira nkhondo kuwolokera ku Malawi, ife tatulutsa foni kuti tione ngati msewu akunenawo unalipodi. Timamuwongola munthu pagulu, ndipo tikudziwa bwino kuti gululo silipindula kanthu. Timangofuna lidziwe kuti tilipo.

Sindikuloza inu nokha. Mwezi wathawu pachinkhoswe mkazi wanga anachita kundiponda phazi, nditatsala pang'ono kuwongolera ankhoswe dzina la mudzi.

Musandimve molakwa. Lilipo bodza loyenera kuti munthu aimirire n'kulikuwiza. Masiku omwe aja kunkabwera anthu ovala bwino pamisonkhano ya pansi pa mtengo, kulonjeza osamukawo izi ndi izi. Zina ndinkazimva m'Chingerezi asanazimasulire, ndipo ndinkamvanso mmene zatsekemerera pozimasulira. Ndinali pomwepo, nsapato zanga zachitsulo zili gwa. Ndinaimirirapo kangati? Ngakhale kamodzi. Kulimba mtima kwanga konse ndinakusungira mdala wa ndodo ya nsungwi, amene sakanandichotsa ntchito.

Chapa ija inadzaza ndithu, tinanyamuka. Ndinalimbana ndi mtima wanga mpaka titatsika mapiri. Kenako ndinawagwira paphewa.

"Bambo Zuze, mwaswera bwanji? Mwina simukundikumbuka."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana pachifuwa kaye, kenako kumaso. "Shefi wa kakhadi. Kali kuti lero?"

"Kampani inatseka kalekale, madala."

"Ee, zimatseka."

Anandiuza kuti masiku ano amalima chimanga ndi nyemba kumtunda kwa Zobue. Ulendowu unali wokaona mwana wawo wamkazi amene wachira kumene pamudzi wina wa m'njira, ndipo mpiniwo anasemera mkamwini wawo, "kuti asamanamizire khasu."

Ndinapepesa. Mawu anatuluka opindikapindika, koma anatuluka. Ndinati ndinawayalutsa, ndinaulula chinsinsi chawo pamaso pa anthu.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chinsinsi chanji, mwanangu? Moatize yense ankadziwa kuti ine Chingerezi sindichidziwa. Anthu aja ndinakula nawo limodzi, ndikanachiphunzira kuti? Amene unkaganiza kuti anthu sakudziwa unali iwe wekha. Kungoti tonse tinali titagwirizana kusachitchula."

Mayi wa matimati uja anali atachotsa kawaya kamodzi m'khutu.

"Za ntchitoyo usadandaule," anapitiriza. "Ikanatha ndithu, mafoni awa anali ali m'njira. Chimene chimandiwawa ine n'china. Mawa lake la tsiku lija kunabwera mayi wina kwathu, wamasiye, mmodzi wa osamuka aja. Akuti, 'Bambo, mawu munanena dzulo aja ndinawasunga. Ndimati ndikawanene pamanda pa amuna anga tisanakwere galimoto, poti ine ndikafika pamenepo m'kamwa mumauma. Tsopano wa kampani uja akuti ndi abodza. Kodi akufa ungawauze mawu abodza?'"

"Ndiye munawayankha bwanji?" ndinafunsa.

"Ndikanayankha bwanji? Wophunzira anali atanena. Ine mtima unali utagwa kale. Ndinangoti, 'Mayi, kachiteni mmene mukuonera.' Anapita. Lachinayi lake magalimoto anabwera."

Anagogoda denga la chapa, poti anali atafika potsikira. Ndinawapatsira mpini wawo pawindo, anandikwezera chipewa, ife n'kupitirira. Ndinali ndi chisoni chimene chinachedwa zaka zambiri, ndipo kuchedwako kunangochilemeretsa.

Dzina la mayiyo a Zuze sakulidziwa. Sakudziwanso ngati anakagwada pamanda paja n'kuyankhula, kapena anangoima chete n'kukakwera galimoto. Inenso sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti dera limenelo lero ndi dzenje lalikulu, muli makina okhaokha.

Inu a ku Mualadze amene mukuwerenga izi, ngati mayi ameneyu ndi amayi anu, azakhali anu kapena oyandikana nawo nyumba, mundithandize. Muwauze kuti wa kampani uja wavomera kulakwa. Mawu aja sanali a mzungu wa m'kanema, inde, koma sanali abodza, ndipo amuna awo akanawamva.

Koma ngakhale uthengawu uwapeze lero, akagwada pati kuti awanene?