Tayala la Mayi a Tadala laphulika

Moni nonse.

M'mawa uno tayala la Mayi a Tadala, mkazi wa malemu mwana wanga Lameki, laphulika pa msewu akuchokera ku South Bend kubwera kuno ku Indianapolis. Ana awiri anali m'galimoto. Onse ali bwino, musayambe kulira.

Nditafika pamalopo ndinayeza matayala atatu otsalawo. Onse anali ndi mpweya wochepa. Kuzizira kwa kuno kumatsitsa mpweya, ndipo tayala lofewa limatentha pothamanga mpaka kuphulika. Ndayendetsa lole zaka zambiri, ndikudziwa.

Ndinafunsa kuti, "Kodi galimoto sinakuchenjezeni?" Anandilozera pa dashibodi. Pamene pamayaka kanyali ka matayala anaikapo chithunzi cha Lameki.

"Bambo, kanayaka chisanu chitangoyamba. Ndinapita pothira mafuta, ndinadikira pa pampu, koma palibe anabwera kudzandipopera ngati kwathu. Zimenezi ankachita ndi Bambo a Tadala. Ndinachita manyazi kufunsa, ndiye ndinangophimba."

Ndinapita nditakonzeka kukalipa, koma sindinakalipe. Pa maliro tinadzaza nyumba, kenako aliyense anabwerera ku mashifiti ake a ntchito. Palibe anawafunsa za galimoto, ngakhale ine.

Loweruka ndikupita ku South Bend ndi geji yanga yoyezera mpweya, ndikawaphunzitse kuyeza ndi kupopa okha. Koma maso anga akufooka, ulendo umenewu sindingauyende mwezi uliwonse.

Inu amene mumakhala kumeneko, mukuti bwanji? Ndani aziyang'ana galimotoyi mpaka chisanu chithe? Ndikufuna dzina la munthu, osati timanja topemphera ta pa foni.