Zimene Osambitsa Maliro Salemba

Buku limene ndinkaphunzitsira anamwino pakoleji pathu linali lolemera ngati njerwa, ndipo linalembedwa kudziko kumene anthu amamwalira mmodzimmodzi, chipinda chili zii. Pamutu wonena za kasamalidwe ka munthu akatsirizika, linkati namwino atsegule zenera, apatse achibale kapu ya tiyi, kenako aimbire foni kampani yoika maliro. Achibale a m'bukumo ankakhala awiri basi. Ine ndinakulira ku Bangwe, kumene munthu akangotsirizika khonde la chipatala limadzaza amayi a zitenje mpaka madokotala kusowa podutsa. Komabe ndinkaphunzitsa za tiyizo chaka ndi chaka, chifukwa mayeso ankachokera momwemo.

Zinandikwana chaka cha namondwe wa Freddy. Matope atatsika m'phiri n'kukwirira nyumba ku Manje, ophunzira anga anapita kukathandiza kumene ankasonkhanitsirako mitembo. Anabwerako ali zyoli. Mtsikana wina anandiuza kuti achibale anamukalipira koopsa chifukwa anavundukula mayi wina pamaso pa amuna kuti amupukute matope. Mwanayo anachita ndendende zimene buku linanena, ndipo ankalira pondifotokozera. Ndinapsa mtima, osati ndi achibalewo, koma ndi njerwa ija.

Patapita miyezi, koleji inapeza thandizo lochokera kunja loti aphunzitsife tilembe tokha mabuku athu n'kuwaika pa intaneti mwaulere, kuti aliyense awerenge, akopere, ngakhale kusintha mmene afunira. Akuluakulu ankati tikuchotsa utsamunda m'maphunziro. Mawuwa ankawatchula mokoma kwambiri, makamaka pamisonkhano ya kuhotela. Ine sindinadikire kuitanidwa kawiri. Ndinasankha mutu wa maliro, anandibwereka rekoda yojambulira mawu, ndinakwera minibasi ya ku Bangwe.

Ndinkapita kwa mayi aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka. Mayi aakuluwa ndi amene anandilera. Iwowa anali m'gulu la amayi a mumpingo osambitsa maliro, ndipo ntchitoyi anaigwira kuyambira ine ndisanamere mano. Ankadziwanso za Asilamu, chifukwa mnzawo wapamtima, mayi wina wogulitsa nsalu ku Ndirande, ankagwira ntchito yomweyo kumzikiti, ndipo awiriwa akakumana ankangokhalira kutsutsana za madzi ndi nsalu.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anafotokoza bwinobwino zonse zimene namwino ayenera kudziwa: kuti wamkazi amagwiridwa ndi akazi, kuti malemu savundukulidwa thupi lonse, kuti usanakhudze chilichonse umafunsa kaye kuti wamkulu wa banjali ndi ndani ndiponso amapemphera kuti. Anandiseka nditawauza za tiyi uja, mpaka nyemba zinatayika. Kenako anadzuka, anandilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko.

“Kachinthu kakoko kakumvabe?” anandifunsa.

“Kakumva, mayi. Ndithimitse?”

“Kasiye, iwe mutu wako ndi wa nkhuku, uiwala. Koma izi ndikuuza iweyo, kuti m'mbumba muno mutsale wodziwa. Si za pa wayilesi. Ukazimvetsa ufufute.”

Ndinavomera. Zimene ananena kuchokera pamenepo sindizilemba pano. Ndingoti zinali za mawu amene osambitsa amayankhula kwa malemu, za zimene amachita mayi akamwalira ali woyembekezera, ndi za zipsera zimene amaziona pathupi la munthu n'kufa nazo osauza ngakhale m'busa. Pophunzitsa ankapereka zitsanzo, ndipo zitsanzozo zinali za mabanja oyandikana nafe, anthu amene ana awo ndimakwera nawo minibasi.

Ndisanamalize kulemba, mayi aakulu anatisiya. Unali shuga, ndipo sanadwale nthawi yaitali. Pobwera kumaliro ndinazindikira kuti mawu awo sanatsale pena paliponse koma mu rekoda ija. Foni ankadana nayo, ukawaimbira ankangoti “eya, eya” n'kudula. Ndiye kufufuta kuja ndinkangoti mawa. Ndikaweruka, ndinkafika kwathu ku Zingwangwa, kuvula nsapato, n'kuwamvetsera akunditchula mutu wa nkhuku. Ndinkawasowa kwambiri, ndipo mmenemo anali amoyo ndithu, mpaka kutsokomola kwawo.

Mutu wanga ndinaumaliza. Pamalo pa zam'nyumba zija ndinalemba mizere yochepa, kuti pali zina zimene osambitsa maliro salemba, ndipo wozifuna apite akakhale nawo, atumikire, adzamuuza okha akamukhulupirira.

Mkulu wa dipatimenti yathu anandiitanitsa kuofesi kwake. Ndi bambo wanzeru ndithu, wosavula taye ngakhale mu Okutobala, koma eni ndalama amawaopa kuposa mmene amaopera Mulungu. Mapepala anga anali patebulo, rekoda ili m'chikwama changa.

“Madamu, chaputala chanu chili bho,” anatero. “Koma apa mwatimana. Odiyo ija ili kuti? Agirimenti ikuti chilichonse chojambulidwa ndi rekoda ya pulojekiti chipite pa intaneti. Zaulere ndi zaulere, palibe zobisa.”

“Gawo loyamba mutha kutenga zimene ndalembazo, bwana. Linalo mwini mawu anakana.”

“Pepani kunena, koma mwini mawu anapita. Komanso taganizani, mayi anu kumveka mpaka ku Ulaya, m'makalasi a azungu. Si ulemu umenewo? Si kuchotsa utsamunda komwe tikunenaku?”

Apa mtima unandikwera. Ndinkayembekezera kuti andiopseza, koma sindinkayembekezera kuti andinyengerera ndi dzina la mayi anga. Anthu a kutali aja ankafuna kumva gogo wa ku Bangwe akunong'ona za akufa, kuti lipoti lawo likome. Mabanja amene akanamva za zipsera za mayi awo pa foni ya munthu wachilendo sanali mu agirimentiyo.

“Bwana,” ndinatero, “akale aja ankatenga ng'oma ndi zigoba za makolo athu n'kukaziika m'magalasi kwawo, ndipo nawonso ankati ndi ulemu. Ine ndimayesa kuchotsa utsamunda ndi kuti ifeyo tizisankha tokha chitseko choti titsegule ndi choti titseke. Ngati zonse ziyenera kutsegulidwa chifukwa wapereka ndalama watero, ndiye tangosintha buku, mwini wake ndi yemweyo.”

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye. Ananena modekha kuti iye sakufuna mkangano, koma popanda odiyo chaputala changa chichotsedwa m'bukumo, dzina langanso lichoka pa pulojekiti. Rekoda ndi katundu wa koleji, ndiibweze Lachisanu ndi zonse zili momwemo.

Ndikanatha kuvomera, kupita kunyumba, kukopera mawuwo mu foni yanga n'kubweza rekoda yopanda kanthu. Ndinaziganizira ndithu ndili pampando pomwepo. Koma mafoni athu ndimawadziwa. Lero ili m'chikwama, mawa yabedwa pa depoti ku Limbe, mkuja mwana wabwereka n'kutumizira mnzake, ndipo chikalowa pa Watsapu sichibwerera. Komanso mayi sanati ubise, anati ufufute. Ndikanathanso kupempha kuti ndikamvetsere komaliza, koma ndinadziwa kuti ndikangomva kuseka kwawo kamodzinso, chala changa chidzakana.

“Lachisanu ndi kutali, bwana,” ndinatero.

Ndinatulutsa rekoda m'chikwama n'kusankha pofufutira. Inandifunsa ngati ndikutsimikiza kufufuta zonse, ndipo ndinadina. Ndinaiika patebulo pambali pa mapepala aja n'kuwauza kuti katundu wa koleji ndi ameneyo, wathunthu, ngakhale mabatire ndi atsopano. Ndinatsanzika mwaulemu, ndinatuluka ndili chilili, ndipo ndinakalirira kuchimbudzi cha aphunzitsi.

Anachitadi zimene ananena. Buku linatuluka popanda mutu wa maliro, ndipo anzanga anapita kukalikhazikitsa kuhotela ine ndili m'kalasi. Sindinadandaule kwa aliyense, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mutu wangawo ndinauika ndekha pa intaneti, mwaulere, ndi mpata uja uli chomwecho. Ophunzira amatumizirana pa foni, ena anaumasulira m'Chiyao, ndipo mphunzitsi wina wa koleji ina anawonjezera za kwawo kuchigwa cha Shire. Zonsezo ndimakondwera nazo, chifukwa zimenezo ndi zotsegula. Ine ndi bwana timapatsana moni pakhonde ngati anthu.

Koma ndisaname kuti ndinapambana osavulala. Masiku ano ndikayesa kukumbukira mmene mayi aakulu ankayankhulira, ndimapeza kuti ndikumva mawu anga omwe akuwayerekeza. Zimene ananena ndikuzidziwa zonse, koma liwu lawo likuthawa pang'onopang'ono, ndipo palibe kumene ndingakalitenge. Zimandiwawa kwambiri. Munthu atandibweretsera rekoda ija lero mawu awo ali momwemo, ndingamugwadire, ndingatseke chitseko n'kumvetsera mpaka kumapeto, kenako ndingafufutenso.