Chikasu M'maso mwa Mlongo Wanga

Ku Chidzolomondo alipobe anthu onena kuti mlongo wanga analumala chifukwa amayi anamutsempha, ati anagona ndi munthu wamfuti ali ndi pakati. Limenelo ndi bodza, ndipo olinenawo sanalowemo m'chikuta muja. Ine ndinalowamo.

Inali nyengo yokumba mbatatesi, chaka chimene abambo anagwidwa kukasenza katundu wa ankhondo. Mwanayo anabadwira mumsasa wa kumunda kumene tinkabisala. Posito ya zaumoyo, kachipatala ka m'dera lathu, ankhondo anali ataitentha, msewu wa ku Furancungo atakwiriramo mabomba. Mwa mwambo, khanda linayenera kukhala m'kati, chitseko chotseka, kufikira mchombo utagwa. Ine, pokhala mtsikana wosatha msinkhu, ndine ndinkaloledwa kulowetsa madzi.

Tsiku lachitatu ndinakankha chitseko mopitirira, dzuwa n'kugwera pankhope ya mwana. Maso ake anali achikasu ngati duwa la dzungu. Bere ankalikana, ndipo polira ankapinda msana chambuyo. Ndinauza amayi. Iwo anati, "Tseka, mphepo ikulowa." Ndinauza azakhali. Anandiwomba mbama: "Iwe, za m'chikuta wazidziwa liti?"

Miyezi inapita, khosi osalimba, manja ali chifumbatire. Azakhali omwewo ndiwo anayamba kuimitsa amayi pachitsime kuti atchule dzina la mwamuna amene ankati anagona naye. Akazi anzawo anasiya kudya ndiwo zimene amayi athira mchere. Anthu amene anakana kuyang'ana mwana padzuwa anasanduka akatswiri odziwa zimene mayi wake anachita kuseri! Zimenezi sindinawakhululukire.

Mvula isanagwe tinathawira ku Malawi. Kumsasa wa othawa nkhondo, namwino anagoneka mwanayo patebulo, namuwongola miyendo, ndipo anafunsa, "Mayi, atangobadwa anachitapo chikasu?"

Ndinayankha ndine, mokweza, kuti azakhali amene anali pakhomo amve: "Inde, tsiku lachitatu!"

Namwino anafotokoza kuti chikasu chikakula pa khanda popanda chithandizo chimavulaza ubongo, monga zimachitikiranso mwana akachedwa kupuma pobadwa. Anati limeneli si tsempho. Azakhali anayang'ana pansi.

Ndinatembenukira kwa amayi ndikumwetulira, kudikira kuti andiyamike poti ndawayeretsa dzina. Iwo anabereka mwana, nafunsa namwino motsitsa mawu, "Ndikanamumvera mtsikanayu tsiku lomwelo, mwanayu akanachira?"

Ndinali ndi zaka khumi. Ndinayenda pambuyo pawo nditakwiya kuti sanandithokoze.