Kwini Ndinamutulutsa Msanga

Pepala lomwe ndinalembapo masewero a tchesi aja ndimalisunga m'buku la mwana la kusikelo. Likagwa pamzere, ndimalitola msanga ngati kalata yachibwenzi.

Tchesi ndinaiphunzira ku koleji. Kuno ku Nkopola ndilibe wosewera naye. Amuna amasewera bawo pansi pa mango, ndipo bambo a mwanayu ali ku Joni. Ndiye nditamva kuti pa boma pali mpikisano, ndinapempha alamu anga tipitire limodzi, akandigwirire mwana panja pa holo. Mwanayo anali ndi miyezi isanu.

Ndinakumana ndi bambo achikulire ovala kachisoti koyera, aphunzitsi opuma. Lamulo la mpikisano ndi loti chimene wagwira pa bolodi, usunthe chomwecho. Tili mkati, kunja kunalira khanda. Mkaka unayamba kuchucha, dzanja langa n'kugwera pa bishopu yemwe sindinkamufuna. Ndinamusuntha basi. Posakhalitsa kwini wanga, wamphamvu kuposa onse pa bolodi, anadyedwa, ndipo ndinagonja.

Masewero akatha, osewera awiriwo amayalanso bolodi n'kubwereza limodzi kuti aone pomwe panalakwika. Bambo aja anayamba kuyala.

"Amayi, takhalani pang'ono. Pali kanthu kumayambiriro kwanu koti ndikuonetseni."

"Pepani bambo, mwana akulira."

"Ameneyo ndiye bwana wathu tonse. Pitani."

Panja ndinapeza wanga ali mtulo kumsana kwa alamu. Wolirayo anali wa mayi wogulitsa mandasi. Ndikanatha kubwerera, koma bulauzi inali itanyowa, ndinachita manyazi. Tinakwera minibasi.

Kwa miyezi ndinkauza aliyense wofunsa kuti anandigonjetsa ndi mwana. Masana ena iye atagona, ndinayala bolodi pamkeka n'kutsatira pepala lija ndekha, dzanja lamanja ine, lamanzere bambo aja. Sindinafike n'komwe pa bishopu uja. Pa kusuntha kwachitatu ndinali nditatulutsa kale kwini, mahatchi onse akadali kwawo, mfumu ili pambalambanda. Apo n'kuti palibe yemwe walira. Ndinkathamangira kumaliza, poopa kuti angalire ine kulibe. Mwanayu ndinamunamizira.

Ndinajambula bolodiyo n'kutumiza ku Joni. Yankho linabwera dzuwa litapendeka: "Zokongola. Mwana wadya?"

Mwina bambo aja ankafuna kundionetsa zomwezi, mwina zina zomwe ndekha sindingazione. Dzina lawo lili papepalapo, koma kwawo sindinafunse. Masana ambiri ndimayala mpaka kusuntha kwachiwiri, n'kutulutsa hatchi m'malo mwa kwini. Dzanja lamanzere limangoima m'mwamba, silidziwa chomwe iwo akanayankha.