Chala Chachikulu cha a Telala

Mumpingo mwathu ndi ochepa amene ankadziwa dzina lawo lenileni. Tonse, ana ndi akulu omwe, tinkangoti a Telala.

Anali chitsirizira m'banja la ana ambiri, ndipo sukulu anailekera panjira bambo awo atamwalira. Amalume awo ndiwo anawakhazika pa makina osokera, pakhonde la sitolo ya zitsulo, miyendo isanayambe n'kufika bwino pa chopondera. Anakulira pamenepo, anakwatira ali pomwepo. M'mawa uliwonse, asanalowetse ulusi m'singano, ankavula chipewa n'kupemphera, kasitomala kaya adikire. Malaya a kwaya, nsalu za paguwa ndi mayunifolomu a ana amasiye ankasoka ulere. Akazi awo akadandaula, ankayankha kuti, "Mayi, Mulungu sanandibweretserepo buluku loti ndimusokere. Ndimutumikire potani nanga?"

Imvi zitayamba, pa chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja panatuluka mzere wakuda. Anapita kuchipatala chaching'ono cha pafupi. Dokotala wa pamenepo anali wachinyamata, wotopa, odwala ali mbwee pakhomo. Atamva ntchito yawo anaseka. "Telala wopanda chikhadabo chakuda alipo? Ndi singano imeneyo, bambo. Chikamakula zichoka." A Telala anavomera, pakuti singano inali itawalasa kambirimbiri.

Mzere sunachoke. Unakula m'mbali, unafika pakhungu, chikhadabo n'kung'ambika. Pomwe ankafika kuchipatala chachikulu anawauza kuti ndi khansa, ndipo chalacho anachidula. Kwa telala, chala chachikulu ndiye ntchito yonse. Sizasi inawakana, mabatani ankawapulumuka. Anaphunzira kudula ndi kumanzere ngati mwana, ndipo tikamadutsa tinkawamva akuimba nyimbo ya Mulungu chapansipansi, akusomola zomwe asoka mokhota.

Tsiku lina mayi amene anawachita opaleshoni anawapempha kanthu. Ankaphunzitsa madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira matenda a zikhadabo, ndipo ankafuna kuti a Telala akafotokoze okha. Mwana wamkazi wa a Telala, yemwe mkwiyo unali usanamuthere, anati, "Pitani, bambo. Ndipo dokotala amene anakupusitsani uja mukamutchule, anzake amudziwe. Ine mwandibisira dzina lake mokwanira."

A Telala anapitadi ku maphunzirowo. Chinali chipinda cha mipando ya pulasitiki. Pakhoma ankaonetsa zithunzi za zikhadabo zokhuthala, zachikasu, zolowa m'mnofu, kenako chawo chomwe chisanadulidwe. Mphunzitsiyo anafotokoza kuti magazi a munthu wopunthwa amasunthira kutsogolo chikhadabo chikamakula, koma mzere wongokhala pamalo amodzi n'kumakula suyenera kudikiridwa. Apo n'kuti a Telala atamuona kale dokotala wachinyamata uja, ali pampando wa pakati, maso ali pansi. Mtima wawo unatentha. Anali munthu, ndipo chala sichiphuka.

Wina anakweza mkono. "Bambo, anayamba kukuonani ndani? Chipatala chiti?"

A Telala anati, "Anandiuza kuti ndi singano. Inenso ndinati singano. Akazi anga, amene sagwirizana nane pa chilichonse, nawonso anati singano." Anthu anaseka. "Dzina la munthu silikuthandizani, ana anga. Yang'anani chithunzicho mpaka chikulowe m'maso."

Potuluka, dokotala uja anawapeza pakhonde. A Telala anamugwira chanza ndi dzanja la zala zinayi lija, n'kumuyang'ana pachifuwa. "Adokotala, batani ili latsala pang'ono kugwa. Mubweretse malayawo. Ndimachedwa masiku ano, koma ndimasoka."

Anabweretsadi. Ndipo matenda atabwerera, ulendo uno m'mapapo, ndi iyeyo amene ankafika kunyumba akaweruka, kudzawachepetsera ululu ndi kuwatembenuza. Mwana wawo uja ankamuthokoza mogwada, osadziwa kanthu.

A Telala anatisiya Lamulungu masana, atalandira mapemphero, akazi awo atawagwira dzanja. Anapita ngati munthu amene wapinda nsalu yake n'kukapuma.

Pamaliro, mwambo wa mpingo utatha, dokotala uja anapempha kuyankhula. Anaima pafupi ndi bokosi. "Amene ananena kuti ndi singano ndinali ine. Bambowa anali ndi mpata wondichotsa ulemu pamaso pa anzanga, koma anandisokera batani. Lero aliyense wolowa m'chipinda changa, ngakhale wabwera ndi chifuwa, ndimati atambasule manja."

Ife a kwaya tinayang'ana mwana wamkazi uja, mitima ili m'mwamba. Iye anayang'ana dokotalayo nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anasendera pa benchi la abale, n'kumusiyira malo.