Phazi Langa ndi Miphika ya Amayi

Ndikukumbukira chilimwe chimene ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Ntcheu, ndisanalote n'komwe kuti ukalamba wanga ndidzaudyera ku Leicester kozizira kuno. Amayi anali mmisiri woumba miphika. Ndikuti mmisiri, osati ongoyerekeza ayi! Mtsuko wawo ukaugogoda ndi chala unkalira ngati belu la tchalitchi.

Mwambo unali wakuti mwamuna, kaya wandevu kaya kamnyamata, asalumphe dongo loumbira. Akalumpha, miphika imasweka pamoto. Tsiku lina mbuzi inandipulumuka, ine liwiro pambuyo pake, mulu wa dongo uja ndinangoulumpha. Mlongo wanga Esinati anandiona.

Patapita masabata, amayi anawotcha miphika imene anthu ena anaitanitsa ya paukwati. Moto utazilala, ina inatuluka yofiira bwino, koma ina inali itang'aluka, ina itaphulikiratu. Esinati sanachedwe: "Ndi Yohane uyu! Analumpha dongo!"

Amalume a Jemusi ndiwo ankalamula pakhomo pathu, poti abambo anali atamwalira. Sanandimenye. Anangoti, "Mwana uyu ndi watsoka. Loweruka ndikamusiya kuesiteti ya fodya ku Kasungu, azikaweta ng'ombe." Ana opita kumeneko ankatha zaka osaona kwawo. Ndinayang'ana amayi. Iwo maso ali pansi, phee.

Pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kwathu pankakhala a Gomani, okonza njinga. Atamva phokoso anabwera, sipanala ili m'manja.

"A Jemusi, ndifunseko. Dongo analumpha mwanayu linali milu ingati?"

"Umodzi."

"Miphika yonseyi yachokera pamulu womwewo? Moto umodzinso?"

"Inde. Mukufuna chiyani kodi? Pitani kumatayala anu uko."

"Ndipita, achimwene. Koma tandiuzani, phazi la mwanayu lili ndi maso? Linasankha bwanji kuti uwu usweke, uwu utsale? Simunganene kuti dongo linaipitsidwa, n'kunenanso kuti dongo lomwelo ndi labwino. Sankhanipo chimodzi."

"Mwambo ndi mwambo," anatero amalume.

"Mwambo sindikuukana. Koma njinga ikamakokera kumanzere, ine sindimenya mwana wodutsa pamsewu. Ndimafufuza chimene chasiyana."

A Gomani anatola phale limodzi, n'kulithyola pakati. M'kati munali mwakuda, mosapsa. Analinunkhiza, kenaka anayang'ana amayi. Anthu anali atadzaza pabwalo.

Amayi anakonza chitenje chawo, n'kulankhula motsitsa mawu: "Achimwene, yoswekayo ndi imene ndinaumba pomaliza. Sinaume. Eni ukwati ankandifulumizitsa, ndinaiika pamoto ili ndi masiku atatu okha. Ndimadziwa. Mwanayu musiyeni."

Abale anga! Ndinakhala pansi paphulusa lofunda, misozi ikutuluka, uku ndikuseka ngati wozungulira mutu. Loweruka linafika, ine ndinapita kubusa ndi mbuzi zanga, ndipo dzina la Kasungu silinatchulidwenso pakhomo paja.

Pano ndimakhala ku Braunstone, mu Leicester momwemu, kwa mwana wanga wamkazi, nesi. Lamlungu lapitali, titachoka kutchalitchi, mdzukulu wanga Tadala anabwera kuchokera ku Oadby, kumene amagona ana a payunivesite, atanyamula buku lonenepa ngati njerwa. Ndinamufunsa kuti muli zotani umo. Anandifotokozera, theka Chingerezi, theka Chichewa chake chotsimphina chija, kuti anthu oganiza a ku Ulaya, zaka mazana angapo zapitazo, ankati kuganiza konse kumaima pa malamulo awiri. Loyamba, chinthu sichingakhale choona n'kukhalanso chabodza nthawi yomweyo. Lachiwiri, palibe chochitika popanda chifukwa chokwanira chotiuza kuti bwanji zachitika chonchi, osati mwina.

Ndinaseka mpaka aneba anamva kuseri kwa khoma. "Iwe Tadala, ine wa Sitandade 3 zimenezo ndinaphunzira kwa wokonza njinga!" Ndinamusimbira nkhani yonse.

"Ndiye anakupulumutsani ndi a Gomani, agogo?"

Ndinafuna kuvomera, koma ndinaganizanso. Zaka zonsezi ndakhala ndikutama a Gomani. Lero ndaona kuti mafunso awo anangofika pakhomo n'kuima. Chifukwa chenichenicho chinali mumtima mwa amayi, ndipo akanangokhala chete palibe akanawakakamiza. Chifukwa chimakhalapo nthawi zonse, akuluakulu a m'bukumo sananame. Koma pamafunika munthu woti achitchule, ngakhale chikuloza iye mwini, pamaso pa mudzi wonse.

Kuulula kuja kunawatayitsa mbiri amayi: miphika ya ukwati wotsatira anthu anakaumbitsa kwa mayi wina. Ine ndinakulira pakhomo pa amayi anga.